Njerwa za pabwinja ndi jinzi ya pakaunjika

Nyumba ikagwa ndi mvula, eni ake sangoitaya n'kuchokapo. Madzi akaphwa mumawapeza pabwinja, bambo akuzula malata, mayi akusolola mitengo ya denga, ana akutola njerwa n'kumaziunjika pambali. Zimene zapulumuka zimapita njira zitatu. Chitseko ndi mafelemu, ngati sizinapindike, zimakalowa pa nyumba ina mmene zililimo. Zidutswa zimaphwanyidwa n'kukhala zothira pansi asanapake simenti. Koma njerwa zamphumphu mmisiri amazitenga, amapala matope akale, n'kumangira khitchini kapena kagolosale ka m'mbali mwa msewu, chinthu chimene panalibe, ndipo nthawi zina chimabweretsa ndalama kuposa chipinda chinagwacho.

Zovala zakale zimayendanso njira zitatu zomwezi. Malaya amene mwagula pakaunjika n'kuwavala mmene alili ndiye chitseko chija. Nsalu zimene mafakitale ena amagaya kuti zikhale zopukutira mafuta kapena zoika mkati mwa mipando ndiye zothira pansi. Njira yachitatu, imene a zamafashoni amaitcha upcycling, ndi ya mmisiri: kuphwasula chovala chotha, kusankha mbali zolimba, n'kusoka chinthu china cha mtengo woposa chakalecho. Mabungwe ambiri masiku ano akuphunzitsa ntchito imeneyi achinyamata amene moyo unawakankhira kumbali, ndipo amalonjeza zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti wachinyamata apeza podyera ndiponso kuti dziko liyera. Lonjezo loyambalo ndimalikhulupirira, ngakhale lili ndi zoyenera kutsata. Lachiwirilo ndimalikayikira kwambiri.

Kumene nkhaniyi ikuonekera bwino ndi pa msika wa Kantamanto mumzinda wa Accra, ku Ghana. Bungwe la The Or Foundation, limene lakhala likugwira ntchito pamsikawu kwa zaka zambiri, limawerengera kuti pamafika zovala pafupifupi 15 miliyoni sabata iliyonse, ndipo pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zimatuluka ngati zinyalala. Kalembera wa 2021 anapeza anthu opitirira pang'ono 30 miliyoni m'dziko lonse la Ghana, kutanthauza kuti katundu wa masabata awiri okha angapatse pafupifupi aliyense chovala, kuyambira khanda mpaka gogo. Wogulitsa amagula belo lomata, osaona za mkati. Akalidula amasankha zabwino kwambiri, zotsatira, zongogulitsika movutikira, kenako zosagulitsika n'komwe. Zomalizazi n'zimene zimatseka ngalande, kudzaza dziwe la Korle, ndi kukapotana ngati zingwe mumchenga wa m'mphepete mwa nyanja.

Belo limodzi limalemera makilogalamu pafupifupi 55, ndipo tinjira ta mumsikawo n'topanikiza, galimoto singalowe. Amene amasenza ndi atsikana ndi amayi otchedwa kayayei, ambiri ochokera kumpoto kwa dzikolo, kumene kuli umphawi waukulu, ena a iwo asanakwanitse n'komwe zaka 18. Amasenza pamutu tsiku lonse, ena mwana ali kumbuyo, malipiro a ulendo umodzi osafika dola imodzi. Bungwe lija litawapimitsa linapeza kuti ambiri mafupa a khosi ndi a msana anawonongeka kale. Linayambitsa ndondomeko yotchedwa Mabilgu, yowachotsa pa ntchito yosenza n'kuwaika kwa amisiri kuti aphunzire ntchito zina, ena mwa iwo kusoka ndi kupanga zinthu kuchokera ku nsalu zomwe zinkawathyola khosizo.

Ife a kuno sitifunika kuuzidwa kuti belo n'chiyani. Mulu wa kaunjika timaudziwa ku Limbe, ku Lizulu, pa tsiku la msika kumudzi kulikonse, ndipo anzathu a ku Zambia ali ndi salaula wawo. Timadziwanso zotsala za pansi pa mulu, zimene wogulitsa amatsitsa mtengo mpaka kutopa nazo. Kusiyana kwathu ndi Accra n'kukula kwa mulu basi.

Nanga n'chifukwa chiyani chovala chotha chili mphunzitsi wabwino? Mnyamata wophunzira kumanga pa njerwa zatsopano za uvuni umodzi amaphunzira chingwe ndi levulo. Njerwa zake n'zofanana, amangotola n'kuika. Mnzake wa pabwinja alibe mwayi umenewo. Njerwa iliyonse ayenera kuitembenuza, kuigogoda ndi mpeni womangira n'kumvetsera, chifukwa yopsa bwino imalira pomwe yamng'alu imangoti phu. Ayenera kudziwa yoyenera pakona, yoyenera pakati pa khoma, ndi theka limene lithandize kuti mizere isalunjikizane. Akamamaliza khitchini imodzi, diso lake laona zambiri kuposa la mnzake uja.

Telala wa nsalu ya pampukutu amayala, kulemba ndi choko, n'kudula. Wa zovala zakale amayamba ndi kufunsa chovalacho kuti chinavutikira pati. Jinzi imatha m'mawondo, pakati pa ntchafu ndi kumapeto kwa miyendo, koma kumbuyo kwa mwendo, kuyambira pabondo kutsika, nsalu imakhala idakali yamphamvu, ndipo matumba akumbuyo amachoka athunthu, okonzeka kukakhala pachikwama. Malaya achimuna amatha pakolala, m'khwapa ndi kumapeto kwa manja, pomwe kumsana kuli nsalu yaikulu yokwana kutsogolo kwa diresi la mwana, ndipo mzere wa mabatani ndi mabowo ake n'ngosokedwa kale, ntchito imene wophunzira aliyense amaiopa. Tisheti imatanuka, choncho msoko wowongoka umaduka munthu akangoivala. Imafuna msoko wokhotakhota. Singano ya nambala 11 imene imayenda bwino pa nsalu yopepuka imathyoka pa mphindiro wa jinzi, pamene pamafunika 16 kapena 18. Nsalu yatsopano ikalumikizidwa ndi yakale isanachapidwe, imafupika n'kukoka inzakeyo mpaka kuing'amba. Ndipo chizindikiro cha pakhosi chikafufutika, mphunzitsi amadula kachidutswa n'kukayatsa ndi machesi: thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa, likununkha ngati pepala, koma poliyesita imasungunuka n'kuuma kampira kolimba. Wophunzira amene wanunkhiza zimenezi kamodzi sadzaikanso simbi yotentha kwambiri pa nsalu ya kasitomala.

Phunziro lalikulu kwambiri lili pa ntchito imene ophunzira amadana nayo, yomasula misoko. N'njotopetsa, imapweteka maso, ndipo kalezala kakaterereka kamaboola nsalu. Koma amene wamasula mathalauza khumi wadziwa mmene thumba la m'mbali limalowera, mmene zipi imabisidwira, chifukwa chimene kumbuyo kumakhala kotakata kuposa kutsogolo. Zidutswazo akazisita n'kuziyala pa pepala la thumba la simenti, wapeza patani yaulere, yojambulidwa ndi akatswiri a kufakitale. Palibe buku limene lingamuonetse zimenezi mwachangu chotere, makamaka iye amene sukulu anailekezera Sitandade 6.

Palinso nkhani ya mantha. Nsalu yatsopano n'njodula, ndiye aphunzitsi ambiri amasunga sizasi m'manja mwawo, wophunzira n'kutha miyezi akusoka mapepala, kupinda m'mphepete ndi kutumidwa kukagula ulusi. Zotsala za pansi pa belo n'zotchipa moti mtsikana angathe kudula sabata yoyamba, kulakwitsa, kudulanso. Kwa munthu amene wakula akuuzidwa kuti chilichonse chimene wagwira amawononga, kupatsidwa sizasi n'kuuzidwa kuti "dula, ukalakwitsa titenga ina" si chinthu chaching'ono.

Achinyamata amene tikunenawa tikuwadziwa. Ndi mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, mnyamata wogona m'makonde a masitolo, wolumala miyendo amene ganyu ya kumunda sangaithe, wothawa kwawo amene wakulira ku Dzaleka ku Dowa popanda chilolezo chokafuna ntchito kunja kwa kampu. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja, monga Soche, Nasawa ndi Lilongwe Technical, amafuna satifiketi ya MSCE, ndiye ambiri a iwowa khomo limenelo n'lotseka. Makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015 anachepetsako mtunda, ndipo bungwe la DAPP, lomwe tonse timalidziwa ndi masitolo ake a kaunjika, lili ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Mikolongwe ku Chiradzulu. Komabe malo ndi ochepa m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la anthu ake ndi osakwana zaka 18.

Pa ndondomeko ya ku Accra ija, chimene ine ndimachiona chanzeru koposa si kusoka ayi, koma kuti ophunzirawo amalandira ndalama pamene akuphunzira. Mtsikana amene amadya madzulo chifukwa wasenza masana sangakhale m'kalasi miyezi isanu ndi umodzi kwaulere, ngakhale maphunzirowo atakhala abwino chotani. Sabata yachitatu lendi ikafika, abwerera kukasenza, ndipo a bungwe adzalemba m'lipoti kuti analibe chidwi. Maphunziro "aulere" opanda chakudya, opanda ya basi, opanda womulerera mwana, amasankha okha ophunzira ake: amatsala ndi amene kwawo kuli kale kanthu.

Tsono mavuto amayamba tsiku lolandira satifiketi. Aliyense amene anamangapo ndi njerwa zakale amadziwa kuti zotchipa ndi njerwazo, osati ntchito. Kupala matope kumadya masiku. Chikwama chosokedwa kuchokera ku majinzi awiri chimafuna kukasankha kumsika, kuchapa, kuyanika, kumasula, kusita, kufananitsa mitundu ndi kudula, singano isanalowe ngakhale kamodzi. Kufakitale amasanjikiza nsalu zambirimbiri n'kuzidula pamodzi ndi mpeni wamagetsi, koma telala wathuyu amadula chimodzichimodzi, popeza palibe majinzi awiri ofanana. Akawerengera bwino nthawi yake, chikwamacho chimadula kuposa cha ku China chimene chapachikidwa pa benchi yoyandikana nayo, ndiponso kuposa chikwama cha pakaunjika pomwepo. Akapanda kuwerengera, akugwira ntchito yaulere. Ndiye pali maso a wogula. Kwathu kuno chigamba chimanena za umphawi, ndipo mayi amene anakula akuvala zigamba safuna kulipira ndalama zambiri kuti mwana wake azivale mwadala. "Mukundigulitsa sanza pa mtengo umenewu?" Funsoli wophunzira aliyense adzakumana nalo, ndipo aphunzitsi ochepa okha ndi amene amamukonzekeretsa poyankhira.

N'chifukwa chake ambiri amene atchuka pa ntchitoyi amagulitsa kunja. Ku Uganda, Bobby Kolade, amene anagwirapo ntchito kumakampani akuluakulu a zovala ku Ulaya asanabwerere ku Kampala, anayambitsa kampani ya zovala ya Buzigahill, ndipo mu 2022 anatulutsa zovala zimene anazitcha Return to Sender: amagula kaunjika, kumuphwasula, kumusokanso, n'kumugulitsa kumayiko omwe anachokera. Ndimaikonda nthabwala imeneyi, pakuti imaluma pamene payenera. Kwathu kuno kampani ya Mayamiko, imene imaphunzitsa amayi kusoka ku Lilongwe ndipo imayesetsa kusataya tizidutswa ta chitenje, inamveka dziko lonse mu Seputembala 2019 pamene Meghan Markle anavala diresi lake ku Cape Town. Izi n'zonyaditsa. Koma khomo la msika wakunja n'lopapatiza, ndipo makiyi ake amasunga munthu wa pasipoti, wa intaneti, wodziwana ndi ogula a ku London kapena ku Berlin. Mtsikana wa pamakina amadalira munthu ameneyo, ndipo maoda akaima iye sadziwa n'komwe chifukwa chake. Ngati ndondomeko yonse yaima pa msika umenewu, yamupezera bwana wabwino, zomwe n'zothandiza ndithu, koma sinamuimike payekha.

Ndalama ya tsiku ndi tsiku ili pafupi, ndipo n'njosaoneka bwino pa chithunzi. Ili pa kuchepetsa thalauza limene munthu wangogula pamulu, kufupikitsa diresi, kusintha zipi, kutembenuza kolala monga ankachitira atelala a pakhonde kalekale. Ili pa zikwama za ana asukulu mwezi wotsegulira, ma epuloni a matumba akuya a amayi ogulitsa mandasi, makhushoni a pakaliyala ya kabaza, zopondera pakhomo zolukidwa pa thumba la feteleza, ndi mapadi ochapa a atsikana. Ku Accra komweko, Yayra Agbofah wa gulu la The Revival anasokera alimi a zinanazi zovala zogwirira ntchito kuchokera ku majinzi otayidwa, popeza masamba a chinanazi amacheka khungu. Ameneyo anayamba wapeza munthu wovutika ndi chinachake, kenako n'kukafuna nsalu. Maphunziro ambiri amachita mosemphanitsa: amasoka jekete lodabwitsa la chionetsero, alendo olemekezeka n'kuomba m'manja, jeketelo n'kukhala pahang'ala mpaka kuchita fumbi. Chionetsero sindikuchinyoza. Chikondwerero cha Obroni Wawu October, chimene chimachitika ku Accra chaka ndi chaka, chapatsa atelala a pamsika ulemu umene sankaulandira. Koma wophunzira aphunzitsidwenso kulemba m'kabuku zimene wagula, maola amene wagwira, ndi kukana ngongole ya azakhali.

Ndiye makina. Mmisiri womanga amanyamula zida zake m'kathumba, pomwe telala wopanda makina ndi mlendo pa ntchito yake yomwe. Pali achinyamata ambiri amene anavala gauni, kujambulitsa, n'kubwerera kwawo ndi pepala lokha, miyezi ingapo manja n'kuiwala. Ena amapatsidwa makina amodzi anthu asanu, gulu n'kutha ndi mkangano. Ena amaphunzira pa makina amagetsi, chonsecho kalembera wa 2018 anapeza kuti magetsi anali m'nyumba imodzi yokha mwa khumi, kapena kupitirira pang'ono; kumudzi akufunika opalasa ndi mwendo, ndi luso lowakonza yekha lamba akaduka kapena ulusi ukamapotana pansi. Kugula yekha n'kovuta, popeza makina, singano, mazipi ndi belo lomwe zonse n'zochokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zinakwera pamodzi. Pali cholakwika chinanso chofala: kuphunzitsa atsikana makumi awiri a m'mudzi umodzi ntchito imodzimodzi, pamalo pamene atelala awiri akulimbirana kale makasitomala. Ndikanakhala wopereka ndalama ku ndondomeko yotere, sindikanafunsa kuti mwaphunzitsa angati. Ndikanafunsa kuti chaka chitatha ndi angati ali pamakina, makinawo ndi a yani, ndipo amene akufuna kupitiriza mwawalembetsa kodi mayeso ovomerezeka kudzera ku TEVETA, kuti pepala lawo lidziwike kunja kwa bungwe lanulo.

Tibwere ku lonjezo lachiwiri lija, loti achinyamatawa ayeretsa dziko. Apa njerwa zimatiuza zoona zowawa. Nyumba ya njerwa zowotcha ikagwa pamakhala chotola, koma ya zidina imasungunuka n'kubwerera ku dothi. Zovala zambiri zimene zikudzaza mabelo masiku ano ndi zidina. Zimasokedwa mothamanga kuti zivalidwe kangapo n'kutayidwa, nsalu yake n'njopyapyala, yosakaniza ndi ulusi wa pulasitiki, moti poliyesita yokha tsopano imaposa theka la ulusi wonse wopangidwa padziko. Jinzi yotanuka ikatha imachita makwinya osatheka kuwongola, ndipo palibe telala angapangepo chikwama cholimba. Lipoti la Ellen MacArthur Foundation la 2017 linati nsalu zosakwana 1 pa 100 ndi zimene zimabwerera kukakhala zovala zatsopano. Ikani pamenepo zovala 6 miliyoni zotayidwa sabata iliyonse pamsika umodzi wa Kantamanto, ndipo muona kuti ngakhale mtsikana aliyense wosenza atapatsidwa makina lero, mulu sungatsike moonekera. Kumuuza mwana wosauka kuti iye ndiye yankho la zinyalala za anthu olemera n'kumusenzetsa belo lina.

A The Or Foundation eni ake amanena poyera kuti gwero la vutoli ndi kupanga zovala mopyola muyeso, ndipo amalimbikira kuti makampani azilipira mtengo wosamalira zinyalala zawo kumayiko kumene zimathera. Mu 2022 kampani ya Shein, imodzi mwa zotchuka pa zovala zotchipa zothamangitsa, inalonjeza bungweli madola 15 miliyoni pa zaka zitatu. Ena anati ndi ndalama yosambira m'manja, ena anati wowononga ndiye ayenera kulipira. Ine ndili ndi achiwiriwa, malinga kulandirako kusatseke pakamwa. Njira ina, yotseka chipata, inayesedwa ndi Rwanda, imene mu 2016 inakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola awiri ndi theka pa kilogalamu, ndipo mu 2018 dziko la America linabwezera poichotsera mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko popanda msonkho pansi pa pangano la AGOA. Kenya, Uganda ndi Tanzania, amene anagwirizana nawo poyamba, anabwerera m'mbuyo. Zimenezi zimagamulidwa m'maofesi akutali, ndipo wa pamakina amangomva mtengo wa belo utasintha.

Kumayambiriro kwa Januwale 2025 moto unabuka usiku pa Kantamanto n'kupsereza gawo lalikulu la msikawo. Anthu masauzande anataya mabenchi, katundu wogula pa ngongole, ndi makina osokera amene ena anasonkhera zaka. The Or Foundation inalengeza thandizo la madola 1 miliyoni, ogulitsa anasonkherana matabwa n'kuyamba kukhomanso mabenchi pa phulusa pomwepo, ndipo pa doko la Tema makontena a mabelo sanasiye kutsika.